Galimoto ndisuntha, koma nambala yanga sindisiya pagalasi

Kumaiko komwe magalimoto oyendera magetsi achuluka kwabadwa kamwambo kena komwe anthu akukatcha ulemu. Ukafika pa chaja ya anthu onse n'kulumikiza galimoto yako, ndiye ukufuna kukagula zinthu kapena kulowa mu ofesi, umasiya kakhadi pagalasi lakutsogolo. Pakakhadipo umalemba nthawi yomwe ubwerere ndi nambala yako ya foni, kuti wina akafuna chajayo akuimbire. Timakhadi timeneti timachita kugulitsidwa pa intaneti, tina tokolekera pachingwe cha chaja penipeni. Anthu amene amalangiza anzawo za khalidwe labwino pa machaja amakonda kunena kuti dalaivala woganizira anzake amasiya nambala.

Asisi, ine ndikuti ayi. Cholinga chake ndi chabwino, koma mtengo wake sitilipira mofanana. Mwamuna akasiya nambala pagalasi, choipa chomwe amayembekezera ndi foni ya munthu wokwiya yoti bwerani mudzachotse galimoto. Mkazi akasiya nambala pagalasi, aliyense wa ife akudziwa meseji yomwe ingalowe usiku womwewo. "Moni, ndine uja wa galimoto yoyera ija. Mwafika bwino?"

Ndiyambe ndi mbali ya amene akudikira, chifukwa dandaulo lawo ndi lenileni. Kuthira petulo kumatenga mphindi zochepa, wamaliza, wapita. Kutchaja si choncho. Chaja yapang'onopang'ono, ya 7 kW, ngati zomwe zimaikidwa kuntchito ndi m'malo oimika magalimoto, imatha maola angapo kuti idzaze batire. Yothamanga, ya 50 kW kapena kuposa, imatenga cha m'ma theka la ola mpaka ola, kutengera galimoto. Ndiye pali chinthu china chomwe ongoyamba kumene sachidziwa: batire likafika cha m'ma 80 peresenti, galimoto imachepetsa yokha liwiro lolandirira moto pofuna kuteteza batirelo. Kagawo kotsalako kamachedwa kwambiri moti nthawi zina kamatenga nthawi yofanana ndi yomwe yapita kale. Munthu amene wakakamira kufika 100 pa chaja yothamanga pomwe kumbuyo kwake kuli mzere, ndiye kuti akudyera anzake nthawi pa phindu lochepa.

Choipitsitsa ndi uja amene galimoto yake inadzaza kalekale koma mwini wake ali phee mu lesitilanti. Ife a ku Lilongwe ndi ku Blantyre sitifunika kutifotokozera ululu umenewu. Tagona pamizere ya mafuta. Timaidziwa galimoto ija yomwe mwini wake waikhoma n'kupita kunyumba, thanki yafika, mzere wayamba kuyenda, aliyense akuliza hutala koma palibe woisuntha. Tangoganizani mkwiyo womwewo, koma batire lanu lili pa 6 peresenti, mwana akudikira kusukulu.

Choncho malamulo a ulemu pa chaja ine ndimawavomereza ndi mtima wonse. Wamaliza, suntha. Pali mzere, imira pa 80 ngati ulendo wako ukulola. Galimoto yako ndi ya petulo, usaime pamalo a chaja ngakhale "kwa mphindi ziwiri zokha". Usazule chingwe pa galimoto ya mnzako isanamalize. Chingwe uchibwezeretse pamalo pake, osachisiya pansi kuti wina apunthwe kapena njinga ya olumala ikodwe. Izi mkazi azichite, mwamuna azichite, palibe zokambirana. Pomwe ndikukana ndi pamene afika ponena kuti umboni wa ulemu wako ndi nambala yako.

Taonani zomwe kakhadi kaja kamauza munthu wodutsa. Sikangopereka nambala yokha. Kali pagalimoto, ndiye waona mtundu wake, waona nambala yake ya kaundula. Ngati anakuona ukutsika, akudziwa nkhope yako, akudziwanso kuti unali wekha. Walemba kuti ubwerera 9 koloko, ndiye wamuuza nthawi yomwe akupezere. Ndipo anthu satchaja mwachisawawa, amakhala ndi chizolowezi: chaja yomweyo, tsiku lomwelo, ukachoka kuntchito kapena ku jimu. Amene amadalira kwambiri machaja a pagulu ndi anthu opanda malo awoawo oimikapo galimoto, a m'mafulati ndi a lendi. Ku London machaja ambiri aikidwa m'mapolo a magetsi a mumsewu kuti anthu otere azitchaja usiku pafupi ndi kwawo. Kakhadi ka nambala pagalimoto yotere kakunena kuti mwini wake amagona mumsewu womwe uno.

Ndikamanena izi ndikuganiza za azichemwali athu omwe anapita ku Britain kukagwira ntchito yosamalira okalamba ndi odwala, a ku Malawi, a ku Zambia, a ku Zimbabwe. Ambiri ntchito yawo ndi yoyenda khomo ndi khomo pagalimoto, kuyamba m'bandakucha, kuweruka usiku, ndipo amakhala m'nyumba za lendi. Boma la Britain linaika 2030 ngati chaka chosiya kugulitsa magalimoto atsopano oyendera petulo kapena dizilo yekha. Pamene magalimoto amagetsi akutsika mtengo pamsika wa ogwiritsidwa kale ntchito, amene adzaime pa chaja ya pagulu 11 koloko usiku, atatopa, ali yekha, ndi mkazi ngati ameneyu. Bwana wokhala ndi galaja amatchaja kunyumba kwake ali m'tulo.

Nambala ya foni masiku ano ndi kiyi. Munthu akaisunga mufoni mwake n'kutsegula WhatsApp, chithunzi chako chija chatulukira, pokhapokha ngati unachibisa. Akailowetsa mu Truecaller, nthawi zambiri dzina limabwera. Kuno kwathu, kuyambira 2018 simu iliyonse imalembetsedwa ndi chiphaso, ndipo ndani sadziwa kuti kungotumiza kandalama kochepa pa Airtel Money kapena Mpamba dzina lonse la mwini nambala limatuluka? Dzina likapezeka, Facebook ili pomwepo. Kuchokera pa kakhadi ka pagalasi kufika pa dzina la sukulu yomwe unaphunzira ndi zithunzi za mwana wako, ndi ntchito ya mphindi zochepa, yosafuna ukatswiri uliwonse.

Komanso abale, nkhani yotenga nambala yomwe unapereka pa ntchito ina n'kuigwiritsa ntchito pofunsira si yachilendo kwa ife. Buku la kwa ejenti wa ndalama. Buku la pageti la ofesi lomwe limakhala lotsegula, aliyense wolemba pambuyo pako akuwerenga mzere wako. Wobweretsa katundu amene mawa lake akufunsa ngati wadzuka bwanji. Funsani pagulu lililonse la atsikana asanu, nkhani zituluka mpaka mutopa. Ku Britain ofesi yoteteza zinsinsi za anthu, ya Information Commissioner, inachita kafukufuku mu 2023 ndipo inapeza kuti mwa achinyamata a zaka 18 mpaka 34 omwe anafunsidwa, pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse analandirapo mameseji ofunsira kapena a zachiwerewere kuchokera kwa munthu amene anapeza nambala yawo kudzera ku bizinesi. Ofesiyo inanena poyera kuti khalidweli ndi losemphana ndi lamulo. Tsono dziwani kuti apo nambala inaperekedwa kwa kampani, komwe kuli bwana woti ungakadandauleko, komwe wolakwa angachotsedwe ntchito. Ya pagalasi waipereka kwa msewu wonse. Ukadandaula kwa ndani?

Pali chinthu chinanso chokhudza magalimotowa chomwe chimasintha nkhani yonse. Galimoto yamagetsi ikakhala yolumikizidwa ku chaja siyenda. Anaipanga dala choncho kuti munthu asanyamuke n'kudula chingwe chamoto, ndipo ndi nzeru yabwino. Koma kwa mkazi amene ali mkati usiku, wina n'kuyamba kuzungulira galimoto, zikutanthauza kuti sangangoliza n'kuthawa. Ayenera kuimitsa kutchaja, kutsegula chitseko, kutuluka, kuzula chingwe, kenako n'kubwerera. Pamenepo onjezani malo omwe machaja ambiri oyambirira anaikidwa: kumapeto kwa malo oimika magalimoto, kuseri kwa sitolo yomwe yatseka kale, kopanda wogwira ntchito, kuwala kochepa, chifukwa chomwe oika anayang'ana ndi pomwe magetsi akudutsa pafupi. Ku Britain vutoli linafika poti mayi wina woyendetsa galimoto yamagetsi, Kate Tyrrell, anayambitsa ChargeSafe, bungwe loyendera machaja n'kumawapatsa malikisi potengera zinthu ngati kuwala, makamera ndi kufikirika kwake. Ndiye munthu amene galimoto yamumangirira pamalo amdima mukumuuzanso kuti akhale waulemu, alembe nambala ndi nthawi yobwerera. Koma zoona?

Mayankho omwe timapatsidwa ndimawadziwa. Loyamba ndi loti si amuna onse. Inde si onse, ndipo ambiri amene angaimbe nambalayo akungofuna chaja basi. Koma kakhadi sikasankha woti akawerenge. Anthu 200 akadutsa pagalimotoyo, pakufunika mmodzi yekha. Lachiwiri ndi loti ungomubuloka. Kubuloka kumatseka meseji, sikufufuta zomwe waona kale: dzina, galimoto, malo, nthawi. Ndipo tonse tikudziwa anthu amene ukawabuloka amabwera ndi nambala ina, ndi ina, kenako amabwera okha. Lachitatu ndi loti gula simu yachiwiri ya zinthu ngati zimenezi. Atsikana ambiri amachita kale zimenezo, ndipo sindingawaletse. Chimandinyansa n'choti ndalama ndi chintchito chake zagweranso mkazi, pa vuto lomwe kampani ya chaja ikanalithetsa ndi pulogalamu yochepa chabe.

Chifukwatu njira zilipo, ndipo zayesedwa kale. Ku South Korea ndi ku China mwambo wosiya nambala pagalasi ndi wakale kuposa magalimoto amagetsi. Malo oimika ndi ochepa, anthu amatsekerezana, ndiye aliyense amaika kanambala padashibodi. Mavuto ake anawaona: otsatsa malonda kuyenda m'malo oimika magalimoto akutolera manambala, akuba a pafoni, ndi amuna olondalonda akazi. Sanathetse mwambowo, anasintha njira. Ku Korea kuli manambala obisa oyamba ndi 050: woimba amaimba imeneyo, foni imalira kwa iwe, koma nambala yako yeniyeni saiona. Kulinso zomata za QR zomwe munthu amajambula n'kukutumizira uthenga osadziwa kuti ndiwe ndani. Ku China apu ya apolisi apamsewu yotchedwa 12123 ili ndi batani loitanira mwini galimoto: umalemba nambala ya galimoto yomwe yakutsekereza, uthenga umapita kwa mwini wake, inu awiri osapatsana nambala. Ngakhale Uber imabisa manambala pakati pa dalaivala ndi wokwera m'maiko ambiri. Luso limeneli si lodula kapena lachilendo.

Ndipo pa chaja ndiye zophweka kwambiri, chifukwa makinawo akudziwa kale amene akutchaja. Akudziwa kuti batire lafika pati. Angathe kuonetsa pasikirini kuti kwatsala mphindi zingati. Angathe kukhala ndi batani loti "ndikudikira", lomwe likadinidwa uthenga upite kwa mwini galimoto kudzera ku kampani. Palibe chifukwa choti mlendo akhale ndi nambala ya mlendo mnzake.

Njira ina yomwe yaoneka kuti imagwira ndi ya chindapusa. Tesla inayamba mu 2016 kulipiritsa galimoto yomwe yamaliza kutchaja koma ikadali pamalo. Ukaichotsa pasanathe mphindi 5 sulipira kanthu. Ukachedwa, pomwe theka la malowo kapena kuposa lili ndi magalimoto, ku Britain inali 50p pa mphindi, ndipo inkafika £1 malo onse akadzaza. Foni yako imakuchenjeza isanafike nthawiyo. Ku South Korea ndi lamulo la boma: kukhala pa chaja yothamanga kupitirira ola limodzi kungakugwetsere chindapusa cha 100,000 won. Sindikunena kuti chindapusa chilibe vuto. Wolemera amangolipira n'kupitiriza kudya, pomwe namwino amene sangachoke pa wodwala chimamupweteka. Pa machaja a kuntchito ndi a kuchipatala pafunika kuganiza mwina. Koma chimachita chinthu chimodzi chofunika: ntchito yokumbutsa wochedwa imachoka m'manja mwa munthu wokwiya amene waima pawindo lako, imapita kwa makina.

Mapulogalamu nawonso tisawakhulupirire mwachimbulimbuli. PlugShare, yomwe madalaivala ambiri amagwiritsa ntchito posaka machaja, imalola munthu kulemba kuti ndafika pano, ndikutchaja, ndipo ena angamutumizire uthenga popanda nambala. Pamenepo yachita bwino. Koma zolembazo zimaonekera kwa aliyense, dzina lomwe unasankha, mtundu wa galimoto, malo ndi tsiku. Ukaika dzina lako lenileni ndi chithunzi, n'kumalemba Lachiwiri lililonse pa chaja yomweyo, wapanganso kakhadi kaja, kokha kuti tsopano kali pa intaneti. Chimodzimodzi magulu a WhatsApp omwe anthu a pafulati kapena pa ofesi amatsegula kuti azipatsana mpata pa chaja imodzi. Ukangolowa, aliyense m'gulumo waona nambala yako, kuphatikizapo uja wa pa nambala 14 amene umamuzemba pamasitepe. Pepala la nthawi lokhomedwa pafupi ndi chaja, lolembedwa nambala za magalimoto kapena za malo oimikapo, limagwira ntchito yomweyo popanda kuulula munthu. Pa nkhani yolipira, Britain inachita chinthu chothandiza ndi malamulo a 2023 okhudza machaja a pagulu: machaja othamanga ayenera kulandira khadi ya kubanki yongogunditsa, ndipo kampani iyenera kukhala ndi nambala yaulere yothandiza anthu usana ndi usiku. Zikatero sukakamizidwa kutsitsa apu ya kampani iliyonse n'kuipatsa dzina, imelo ndi nambala kuti ungogula magetsi. Ndipo galimoto ikatsekereza chaja, pali koimba komwe si foni ya mwini wake.

Wina afunsa kuti tikuvutikiranji ndi nkhani ya ku London ndi ku Seoul pomwe kuno ESCOM ikuthimitsa magetsi ndipo ambirife galimoto tilibe. Funso labwino. Koma taonani komwe mphepo ikulowera. Ku Norway mu 2024 pafupifupi magalimoto 9 mwa 10 alionse atsopano omwe anagulidwa anali amagetsi okhaokha. Ethiopia inaletsa mu 2024 kulowetsa m'dziko magalimoto a anthu wamba oyendera petulo ndi dizilo. Ku Kigali akabaza a njinga zamoto amasinthitsa mabatire pamasiteshoni a Ampersand, ku Nairobi njinga zamagetsi ndi mabasi amagetsi zili pamsewu. Magalimoto omwe timayendera kuno ambiri ndi ogwiritsidwa kale ntchito ochokera kunja, ndiye zomwe akugula kumeneko lero ndi zomwe zidzatsike ku Dar es Salaam mawa. Ndipo machaja akadzayamba kuchuluka pa mashopu ndi m'maofesi athu adzakhala ochepa, magetsi osadalirika, mizere yaitali. Ndikuuzeni zomwe zidzachitike ngati sitiyankhula msanga? Padzakhala mlonda ndi buku. Dzina, nambala ya galimoto, nambala ya foni, nthawi yofika, nthawi yobwerera. Buku lomwe lija.

Malamulo oti tiimirepo tili nawo. Lamulo loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act la 2024, lomwe MACRA ikuyang'anira, mfundo yake ndi yoti wotolera zokhudza munthu atenge zokhazo zofunika pa ntchito yomwe wanena, ndipo asazigwiritse ntchito ina. Lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security limaika kuzunza ndi kulondalonda munthu kudzera pa foni kapena intaneti m'gulu la milandu. Choncho eni mashopu, makhonsolo a mizinda ndi makampani omwe akuganiza zoika machaja tiwafunse mafunso asanathire simenti. Chaja mukuiika pati, pafupi ndi khomo pomwe pali anthu ndi kuwala, kapena kuseri? Kamera ilipo? Munthu angalipire osalembetsa nambala? Wochedwa kusuntha adzamuitana ndani, ndipo kudzera njira iti? Ngati n'kofunikadi kuti nambala isungidwe, ili m'manja mwa ndani, ndipo ifufutidwa liti? Kusuntha chaja yomangidwa kale n'kodula, kusintha pulani papepala n'kwaulere.

Kwa amene muli kale kumeneko ndipo mukutchaja pagulu: mungathe kukhala waulemu popanda kudziulula. Ikani alamu pafoni kuti mubwerere batire lisanafike pomwe mukufuna. Ngati mukufuna kusiya kakhadi, lembani kuti galimoto imaliza liti, basi, osaika dzina, osaika nambala, ndipo usiku pamalo opanda anthu ngakhale nthawiyo musalembe. Wina akakufunsani nambala pamaso kuti adzakuimbireni mukachedwa, muuzeni kuti mwaika alamu ndipo mubwera. Akakutchulani wamatama, zisiyeni zipite, mawu amenewo tinawamva kale pa depoti ndi mu minibasi.

Achimwene amene mumawerenga tsamba lino mwakachetechete, gawo lanu nali. Mwafika pa chaja usiku, mwapeza mayi ali yekha m'galimoto, mukufuna kudziwa kuti amaliza liti. Yang'anani kaye pasikirini ya chaja, nthawi zambiri yankho lili pomwepo. Ngati mukuyenera kufunsa, bwerani chakutsogolo komwe akukuonani, imani patali pang'ono, funsani funso limodzi lomwelo, musagogode pawindo mochokera kumbuyo. Akayankha osatsitsa galasi, sikuti wakunyozani. Imikani galimoto yanu posamutsekereza njira yotulukira. Ndipo mukapeza nambala pagalasi n'kuimba, mwini wake n'kubwera kudzasuntha, ntchito ya nambalayo yatha pomwepo. Ifufuteni musananyamuke.